Kawaya ka mumtima mwanga: chifukwa chake sindinasiye mapiritsi ngakhale ndinkamva bwino

Chindiikireni stent, kachubu ka timawaya kotsegula mtsempha wa mtima, abale amandifunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, "Nanga kawayako adzakachotsa liti?" Lachiwiri, "Poti anakukonzani kale, mapiritsiwa mukumweranji?" Yankho la mafunso onsewa lagona pa zomwe zimachitika m'kati mwa mtsempha munthu atatuluka kale m'chipatala, pamene aliyense akuona ngati nkhani yatha. Ndalemba izi chifukwa ambiri a ife, kaya tili kuno ku South Africa kaya tinapita ku India kukathandizidwa mtima, timabwerako ndi jumbo ya mankhwala koma osadziwa kuti mankhwalawo akulondera chiyani. Piritsi lomwe sukudziwa ntchito yake, ukangoyamba kupeza bwino umaliiwala pawindo.

Ine ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu ku Johannesburg. Matenda a shuga anandipeza nawo kalekale, BP nayo inalipo, fodya ndinayamba ndili mnyamata. Tsiku lomwe zinavuta, pachifuwa panandithina, ululu ukutsikira kudzanja lamanzere ndi kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu chikhalirecho kunja kukuzizira. Mnzanga wa kuntchito sanafunse zambiri, anangondikweza n'kuthamangira nane kuchipatala.

Sanandigoneke tulo. Anabaya jakisoni wa dzanzi pamkono, pomwe timavala wotchi, n'kulowetsa kapaipi kowonda komwe kanayenda mumtsempha mpaka kukafika kumtima. Pa sikirini yomwe inali pambali panga ndinkaona mitsempha ngati timizere takuda tikugwedezeka, ndipo kamzere kamodzi kanathera panjira. Atapopa kabaluni kakang'ono pamalo potsekekapo, ululu uja unabweranso kwa kanthawi, kenako unazilala. Adokotala anati, "Bambo, tayang'anani apa, magazi ayamba kudutsa." Kamzere kaja kanali katatalika mpaka kumapeto. Stent inali italowa: kachubu ka timawaya tolukanalukana, m'lifupi mamilimita 3, kamene kanatsala m'menemo kakugwira khoma la mtsempha kuti lisabwererenso.

Kunena zoona, patangopita masiku ochepa ndinkapuma bwino kuposa mmene ndinkapumira chaka chonse cham'mbuyo. Apa ndi pamene pagona ngozi. Thupi limakuuza kuti wachira, pamene m'kati muli chilonda chachiwisi.

Amene ananditsegula maso ndi dokotala wina wachitsikana pa sikelo yanga yoyamba nditatuluka. Ndinamufunsa kuti mapiritsi awiri oletsa magazi kuundana omwe anandipatsa ndidzasiya liti, chifukwa ndikadzicheka pometa ndevu magazi ankatenga nthawi kuti aleke. Iye anatembenuza pepala lolembapo mankhwala n'kujambula kuseri kwake mkombero, kenako timadontho tozungulira m'mphepete mwa mkomberowo. Anati mkomberowo ndi mtsempha mutaudula pakati, timadontho ndi timawaya ta stent. Pepala limenelo ndikusungabe. Zomwe anafotokoza tsiku limenelo, pamodzi ndi zomwe mwana wanga wamkazi, yemwe akuphunzira unamwino, anandithandiza kuwerenga pambuyo pake, ndi izi.

M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala zedi, ka mzere umodzi wokha wa maselo, komwe madokotala amakatcha endothelium. Kakhungu kameneka n'koterera, ndipo kamatulutsa zinthu zoletsa magazi kumata ndi kuundana. Magazi amayenda moyo wonse akukhudza kakhunguka basi. Tsono akamakankhira stent kukhoma ndi kabaluni, kakhungu kaja kamasupuka ndipo khomalo limang'ambika pang'ono. Kwa thupi, chimenecho ndi chilonda ngati chilonda china chilichonse, ndipo limayamba kuchipoletsa pomeretsa mnofu watsopano.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa zomwe zimachitika ndi waya woyanikapo zovala mukaumanga pa mtengo wa mango. Zaka zikamapita khungwa limakwera pamwamba pake mpaka kuumeza, moti pamangotsala chotupa. Mtsempha nawo umameza stent chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake kawayako sachotsa. Kamasanduka mbali ya khoma. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo umatupira kunja komwe kuli malo, pamene mtsempha umatupira m'kati, m'njira ya magazi. Werengani nokha: ngati njira ili mamilimita 3, ndiye mnofu wa milimita imodzi wamera kuzungulira konse, patsala milimita imodzi yokha yoti magazi adutsemo.

Vuto limeneli ndi lakale monga mmene luso lenilenilo lilili. Mu 1977 dokotala wa ku Germany, Andreas Grüntzig, akugwira ntchito ku Zurich, ndiye anayamba kutsegula mtsempha wa mtima ndi kabaluni kokha popanda kung'amba chifuwa. Zinkatheka, koma pa anthu 100 alionse, pafupifupi 30 mpaka 40 mtsempha unkachepanso miyezi ingapo isanathe. Mu 1986 madokotala ku France ndi ku Switzerland anayamba kuika stent ya chitsulo chokhachokha. Khoma linasiya kubwerera, koma maselo a mnofu wa m'khomamo ankaswanabe n'kudutsa m'mipata ya timawaya, moti mwa anthu pafupifupi 20 mpaka 30 pa 100 mtsempha unkachepanso.

Nzeru yotsatira inali yopaka timawayato mankhwala oletsa maselo kuswana. Stent yoyamba yotere, yotchedwa Cypher, inaloledwa ku Ulaya mu 2002 ndi ku America mu 2003. Mankhwala ake anali sirolimus, ochokera ku bakiteriya wina yemwe anapezeka m'dothi la pachilumba cha Rapa Nui m'nyanja ya Pacific, ndipo ndi omwewo amapatsa anthu oikidwa impso ya munthu wina kuti thupi lisaikane. Ina, Taxus, inali ndi paclitaxel, mankhwala a khansa. Mankhwalawa amakhala m'kautoto kopyapyala kokuta timawaya, ndipo amatuluka pang'onopang'ono kulowa m'khoma la mtsempha kwa milungu ndi miyezi yowerengeka. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: obwerera ndi mtsempha wochepanso anatsika kufika pa anthu osakwana 10 pa 100.

Koma mankhwala sadziwa kusankha, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna aliyense amvetsetse. Akamaletsa maselo a mnofu wotseka njira uja, amachedwetsanso kakhungu koterera komwe tikukafuna kuti kaphimbe chitsulo. Pa stent yopanda mankhwala kakhunguka kamatha kuphimba timawaya pakangotha mwezi kapena kupitirirapo pang'ono. Pa yopakidwa mankhwala pamatenga miyezi, ndipo m'malo ena timawaya timakhala pamtunda nthawi yaitali, magazi akutikhudza mwachindunji. M'magazi muli timaselo tating'onoting'ono totchedwa platelets, tomwe ntchito yake ndi kumata pamalo pomwe pavulala. Tikakumana ndi chitsulo chosaphimbika timaunjikana pamenepo, tina n'kuitana tinzake, ndipo m'kanthawi kochepa njira yonse imatha kutsekeka. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika sizipereka mpata: ndi mtima kugwidwanso mwadzidzidzi, ndipo ambiri amatsikira kulichete.

Madokotala eni akewo anazindikira mochedwa kukula kwa vutoli. Mu 2006, pamsonkhano waukulu wa madokotala a mtima ku Barcelona, panabuka nkhawa yakuti ma stent oyambirira opakidwa mankhwala ankatsekeka ndi magazi oundana ngakhale patadutsa chaka. Oyeza mitima ya anthu omwalira anapeza timawaya tina tisanaphimbikebe. Kuchokera pamenepo zinthu zinasintha. Ma stent a masiku ano, monga yomwe ili mwa ine, amagwiritsa ntchito mankhwala ngati everolimus kapena zotarolimus, kautoto kake sikanyanyula khoma kwambiri, ndipo timawaya take n'towonda: pafupifupi mamilimita 0.08 poyerekeza ndi 0.14 a Cypher. Kawaya kowonda kamaphimbika msanga. Ngozi inachepa kwambiri, koma sinatheretu, ndipo chinthu chachikulu chomwe chimaiitana mpaka lero ndi munthu kusiya mapiritsi nthawi isanakwane.

Ndiye mapiritsi awiri aja, aspirin ndi clopidogrel, ntchito yawo ndi kufooketsa ma platelets kuti asamate pa chitsulo, podikira kuti kakhungu kamalize kuphimba. Ena amapatsidwa ticagrelor kapena prasugrel m'malo mwa clopidogrel, koma cholinga n'chimodzi. Chomwe chinandilowa kwambiri m'mutu n'chakuti ma platelets amakhala ndi moyo masiku 7 mpaka 10 okha, ndipo thupi limapanga atsopano tsiku ndi tsiku. Piritsi la lero lagwira omwe alipo lero. Mukasiya, atsopano amabwera ali ndi mphamvu zawo zonse, ndipo pakangotha pafupifupi sabata chitetezo chapita. Munthu amene akuti "ndingopumirako sabata imodzi" wasankha ndendende nthawi yokwanira kuti chitsulo chikhale chopanda mlonda.

Zonsezi zinayesedwa nditapita kwathu ku Balaka pa Khirisimasi, stent isanakwanitse ngakhale theka la chaka. Ndikusamba m'manja pakhonde, azakhali anaona mabala obiriwira pamikono panga, omwe amabwera ukangodzigunda pang'ono pa chitseko cha galimoto. Anandigwira dzanja n'kulitembenuza. "Iwe mwana wa achimwene, ichi n'chiyani? Mankhwala a ku Joniwa akukusungunula magazi. Taleka kaye masiku angapo thupi lipume." Ankanena mwachikondi, ndipo mabalawo analipodi. Ndinatulutsa pepala la mkombero lija m'chikwama n'kuwaonetsa. "Azakhali, mabalawa ndi chizindikiro chakuti mankhwala akugwira ntchito. Ndikaleka, magazi akaundana pa kawaya aka, ndipo kuchokera pano kukafika komwe angakatsegule n'kutali." Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kuyambira m'mawa mwake, iwo ndi amene ankandifunsa tisanamwe tiyi kuti, "Wamwa?"

M'bale wina wa kumpingo anandiuzanso kuti kumwa mapiritsi utapemphereredwa n'kukayikira. Ine ndimapemphera, ndipo ndimamwa. Sindinaonepo kuti ziwirizi zikulimbana.

Chovuta kwambiri chinali dzino. Linayamba kuwawa usiku, tsaya n'kutupa, ndipo pa kachipatala kena kolipira komwe ndinapita anati n'lofunika kuzula. Wozula manoyo atamva kuti ndikumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, anati ndisiye onse awiri kwa sabata ndiyeno ndibwerenso. Sindikumunena munthuyo, iye ankaopa kuti ndingakhe magazi pampando wake, ndipo mantha akewo anali ndi maziko. Koma anali asanamve za stent. Ndinamuonetsa khadi lomwe anandipatsa kuchipatala, lolembedwa mtundu wa stent, kukula kwake ndi tsiku lomwe anaiika, ndipo ndinapempha kuti andilole ndifunse kaye. Mwana wanga anaimbira kuchipatala cha mtima komwe ndimapita, ndipo yankho linabwera losapita m'mbali: asasiye ngakhale piritsi limodzi, dzino lizulidwe akumwa choncho. Anati azule m'mawa kuti ngati magazi avuta pakhale nthawi yothandiza, asoke pabalapo, ndipo ndilume thonje mwamphamvu. Wozula manoyo anavomera. Magazi anachucha nthawi yotalikirapo kuposa munthu wamba, ndinasintha thonje kangapo, koma pofika madzulo anali ataleka. Magazi a m'kamwa amaoneka ndipo ungathe kuwapanikiza ndi chala. Oundana mumtsempha wa mtima sungawafikire.

Za opaleshoni yaikulu n'zina. Ngati si yachangu, madokotala amakonda kuidikiritsa mpaka stent itakhalitsa miyezi ingapo, kawirikawiri 6. Ngati ndi yachangu, dokotala wa opaleshoni ndi wa mtima ndi amene amakambirana kuti piritsi liti liime ndipo kwa masiku angati. Chanu n'kunena msanga kuti muli ndi stent, asanakulembereni tsiku.

Sindikufuna kuti wina amve ngati kukha magazi n'kwamasewera. Mabala a pakhungu ndi nkhama zotuluka timagazi potsuka mano n'zopirira. Koma chimbudzi chakuda bii chonata, kusanza magazi, mkodzo wofiira, kamfuno wosaleka ngakhale mwapanikiza mphuno kwa mphindi 15, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu, zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale apo, wonena kuti piritsi liime ndi dokotala. Ndipo samalani ndi mankhwala opha ululu omwe timagula mwachisawawa pagolosale. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi amakanda m'mimba, ndipo kuwaphatikiza ndi awiri aja n'kuitana chilonda chokha magazi. Maufa ena a mutu alinso ndi aspirin wambiri m'kati. Ine msana ukandipweteka chifukwa chokhalitsa pachiwongolero, ndimamwa panado basi. Amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB muwauze adokotala a mtima poyambirira pomwe, chifukwa ena mwa mankhwalawo amasintha mphamvu ya mapiritsi a mtima. Ngakhale omeprazole wa chilungulira amatha kufooketsa clopidogrel. Ine anandisinthira n'kundipatsa pantoprazole.

Pali chinthu china chomwe ndinkasokoneza mpaka nditacheza ndi mkulu wina wa ku Tete pabenchi yodikirira adokotala. Tinazindikirana ndi chinenero, iye atandimva ndikuyankhula pafoni. Anandiuza kuti sanadumphepo piritsi ngakhale tsiku limodzi, komabe patapita miyezi ululu unayamba kubwerera. Poyamba unkabwera akakwera masitepe a pafulati, n'kuleka akaima. Kenako unayamba kubwera akangoyenda kupita pokwerera takisi. Atamuunika anapeza kuti mnofu wamera mopyola m'kati mwa stent. "Achimwene," anatero, "ndinakwiya. Ndinati nanga mapiritsi onse aja ndinkamweranji?" Adokotala anamufotokozera kuti aspirin ndi clopidogrel saletsa mnofu kumera, amangoletsa magazi kuundana. Woletsa mnofu ndi mankhwala a pa stent aja, ndipo mwa anthu ena, makamaka a shuga, a mitsempha yowonda kapena oikidwa stent yaitali, mnofuwo umagonjetsabe mankhwala. Iye anamutsegulanso ndi kabaluni kopakidwa mankhwala, ndipo tsiku limenelo anabwera akuyenda bwinobwino.

Kuchokera pa macheza amenewo ndinagwira kuti mavutowa ndi awiri ndipo amabwera mosiyana. Mnofu ukachuluka, ululu umabwera mozemba, nthawi zambiri m'chaka choyamba, poyamba pogwira ntchito yolemetsa kenako pa yopepuka. Umenewo umakupatsa nthawi, koma usadikire tsiku lomwe anakulembera, pita ukanene. Magazi akaundana, ululu umagwa kamodzi, ngakhale uli chikhalire, ndi thukuta ndi befu. Umenewo si wodikira kuti kuche.

Popeza inenso ndine wa shuga, nkhani ya mkulu uja inandichititsa kuti ndiyambe kuyeza shuga wanga mosadumphitsa. Fodya ndinamusiyira pa bedi la kuchipatala, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti utsi umawononga kakhungu komwe tikudikira kuti kamere. Nsima sindinasiye, ndinangochepetsa mitanda n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba. Zovuta zinali zokazinga za m'misewu, chifukwa munthu wa pa galimoto chakudya chake n'chomwe wapeza poima. Tsopano mayi a kunyumba amandilongedzera.

Chaka chitakwana, adokotala anandiuza kuti clopidogrel ndisiye, aspirin ndipitirize moyo wonse. Ndinawafunsa kuti akudziwa bwanji kuti kawaya kaphimbika. Anati ilipo kamera yowonda yotchedwa OCT, yomwe amailowetsa mumtsempha n'kuona kawaya kalikonse ngati kakutidwa, koma salowetsa munthu chipangizo mumtima popanda chifukwa. Amadalira nthawi yomwe yadutsa, mtundu wa stent ndi mmene wodwalayo akumvera. Nthawi imeneyi siifanana kwa aliyense. Kwa amene mtima unawagwira mwadzidzidzi ngati ine, kawirikawiri ndi miyezi 12. Kwa oikidwa stent mtima usanafike pogwidwa, nthawi zambiri ndi miyezi 6. Kwa amene ali pangozi yokha magazi, madokotala amatha kufupikitsa kufika mwezi umodzi kapena itatu, ndipo ena amapitirira chaka. Choncho mnzanu akakuuzani kuti iye anasiya pa miyezi yakuti, zimenezo n'zake.

Anandichenjezanso za atorvastatin, piritsi lotsitsa mafuta oipa m'magazi, lomwe anthu amalipeputsa chifukwa sumva kusintha kulikonse ukamwa. Mnofu watsopano womwe waphimba stent nawonso umatha kuunjikana mafuta pakapita zaka, ngati mmene zinachitikira ndi mtsempha poyamba paja. Ndipo stent yakonza malo amodzi okha. Mitsempha yotsalayo ndi yomwe ija yakale.

Mafunso ena ang'onoang'ono ndiyankhiretu, poti nanenso ndinali nawo. Stent sichita dzimbiri, sisuntha mukanyamula katundu kapena mukagonera kumanzere, siliza makina a pabwalo la ndege, ndipo kujambulidwa ndi makina ounikira m'thupi a MRI kumatheka, kungoti muwauze kuti muli nayo. Mukaiwala clopidogrel n'kukumbukira maola 12 asanathe, imwani pomwepo. Akadutsa, dikirani nthawi yotsatira, osamwa awiri.

Kwa amene mukupita kumudzi stent idakali yatsopano, tengani mapiritsi okwanira ulendo wonse n'kuwonjezerapo a milungu iwiri, chifukwa basi imatha kufa panjira, mzere wa pa Beitbridge umatha kukugonetsani, ndipo maliro amatha kukuchedwetsani kubwerera. Musadalire kuti mukapeza clopidogrel pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Lowezani dzina lenileni la mankhwalawo, chifukwa mabokosi amasiyana maonekedwe malinga ndi kampani, ndipo wa ku famase akuthandizani msanga mukatchula dzina ndi mlingo wake, 75 mg. Khadi la stent lijambuleni pafoni n'kutumizira mkazi kapena mwana wanu, kuti tsiku lomwe simungathe kuyankhula wina adzakuyankhulireni. Ndipo mapiritsiwo azikhala m'kachikwama ka pamiyendo, osati m'sutikesi yomwe yapita mu ngolo ya kumbuyo kwa basi, yomwe simudzaionanso mpaka pa Mwanza.